Bata Lomwe Ndinkapempha

Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikuima pakhomo
la tchalitchi chathu ku Chilobwe,
jekete lakuda, baji pachifuwa,
kansungwi m'manja.
Sindinkamenya, ayi, Mulungu ndi mboni.
Ndinkangoloza nako.
Mwana akaseka, ndaloza.
Akakwawira kunsi kwa benchi
kutsata ndalama ya chopereka yomwe yagubuduka, ndaloza.
Khanda likalira pakati pa ulaliki
ndinkayang'ana mayi wake mpaka anyamuke,
nkhope pansi, nsalu ikukwekwereka,
akaime padzuwa kuseri kwa zenera
n'kumamvera mawu a Mulungu ngati akuba.

Mabenchi anali a ife a nsapato.
Ana malo awo anali pasimenti, pafupi ndi khomo,
kuti powatulutsa pasakhale mtunda.

Panali Fatsani wa kwa a Namakhwa,
mano awiri akutsogolo kulibe,
masilipasi osiyana mitundu.
Ankaimba kuposa kwaya, mawu asakuwadziwa,
ndipo Ameni wake ankafika abusa asanamalize.
Tsiku lina anandikoka jekete:
A Likhutu, kodi Yesu amadana ndi phokoso?
Ndinati khala chete, ndikuuza tikaweruka.
Titaweruka ndinatanganidwa ndi kuwerenga chopereka.

Kenaka inadza mvula ija ya masiku osakata.
Phiri la Soche linatsika ndi miyala yake
n'kulowa m'nyumba za anthu osaodira.

Titatsegulanso tchalitchi ndinaima pamalo panga.
Bata lomwe ndinkapempha zaka zonsezo
linafika molawirira, linakhala pasimenti paja,
miyendo itapindidwa bwinobwino.
Abusa analalikira mpaka kumapeto popanda wowadula.
Ndinkamva malata akuthetheka ndi dzuwa.
Ndinkamva wotchi yapakhoma.
Ameni tinamunena pa nthawi yake, tonse pamodzi,
ndipo anali wozizira ngati chitsulo cha m'mawa.
Ana ena anali ku msasa, ena kwa abale ku Thyolo.
Ena sitinawapeze.

Loweruka posesa, kunsi kwa benchi yomaliza,
ndinapeza zitsekerero zinayi za mabotolo
zobooledwa pakati ndi msomali,
matayala a galimoto yomwe sinathe kupangidwa.
Ndinakhala pansi pomwepo, ine mkulu wampingo,
tsache lili m'manja.

Kansungwi kaja kalipo.
Kamachirikiza zenera lomwe linathyoka chogwirira
kuti mphepo izilowa.

Pa msonkhano ndinapempha kuti benchi yoyamba ikhale ya ana.
A Chimtengo anati tikusandutsa guwa kukhala msika wa Limbe.
Sitinagwirizane, ndipo mpaka lero
amandipatsa moni wa nsonga za zala.
Koma benchiyo ana anaitenga.

Tsopano pakhomo ndimapinda mawondo, ngakhale amalira,
kuti maso anga afanane msinkhu ndi awo.
Ndimafunsa maina. Ena ndimaiwala, amandikumbutsa mokuwa.
Sabata yatha Ndaziona, wa sitandade folo,
anawerenga mawu kutsogolo, chala chili pa mzere.
Anapunthwa katatu pa dzina la mfumu ina yakale,
mpingo wonse n'kumudikira
monga momwe timadikirira minibasi kuti idzaze,
mpaka analitchula yekha.
Khanda la mayi Sankhulani linandinyowetsa jekete.
Mayiwo anayamba kupepesa, akuyang'ana kukhomo.
Ndinati khalani, mayi, khalani pomwepo,
jekete limauma.

Fatsani, funso lako lija ndikadali nalo.
Ndakalamba, za kumwamba sindidziwa zambiri.
Koma bata ndinalimva, mwanawe,
ndinakhala nalo Lamulungu lathunthu,
ndipo Iye sindinamupezemo.
Ndimamumva pamene kamwana kena kosadziwa nthawi
kafuula Ameni abusa ali pakati pa chiganizo.
Pamenepo ndimaweramitsa mutu
n'kuvomera chamumtima,
m'thumba ndikugwira zitsekerero zinayi zija.